Khola la fani linkateteza mapiko, osati zala

Mukaona chithunzi cha fani ya patebulo ya cha m'ma 1900, choyamba kukudabwitsani ndi khola lake. Ndi timawaya towerengeka topindidwa mokhotakhota kuchokera pakati kupita m'mbali, ndipo mipata yake ndi yoti mwana angapisemo dzanja lonse osakhudza waya ndi mmodzi yemwe. Kuseri kwa timawayato kuli mapiko anayi a bulasi, olemera, opyapyala m'mphepete, amene ankazungulira maulendo oposa 1,000 pa mphindi imodzi. Kholalo sanaikire zala za munthu ayi. Analiika kuti mapiko asapindike fani ikagwa kapena ikagundidwa, chifukwa masiku amenewo fani inali katundu wodula, wogulidwa ndi eni mahotela, mabanki ndi maofesi. Wopisako chala, zake zimenezo.

Thupi la fani silinasinthe kwenikweni kuchokera nthawi imeneyo. Mota kumbuyo, mapiko kutsogolo, khosi lopindika, phazi lolemera: pofika 1910 zonsezi zinali zitakhazikika, moti kalaliki wa ku New York wa chaka chimenecho atati adzuke lero n'kulowa m'sitolo ya ku Limbe, sangafunse kuti ichi n'chiyani. Chimene chakhala chikusintha ndi chinthu chimene amisiri ankaopa kuwononga pa nyengo iliyonse. Poyamba anali mapiko. Kenako zinakhala zala ndi tulo ta anthu. Masiku ano ndi magetsi.

Magetsi asanabwere, kamphepo ka m'nyumba kankachokera m'thukuta la munthu wina. Ku India, dzikolo lili m'manja mwa Angerezi, m'maofesi, m'makhoti ndi m'zipinda zogona za mabwana munkalendewera punkah, chinsalu chachikulu chomangidwa pa thabwa kudenga. Chingwe chake nthawi zambiri chinkadutsa pa kabowo ka pakhoma kutulukira pakhonde, pamene pankakhala wantchito wolipidwa tindalama tochepa n'kumakoka usiku wonse kuti wina agone bwino. Akangosinza, chinsalu chinkaima, bwana n'kudzuka thukuta lili kamukamu. Ku America, m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870, eni masitolo ndi malo odyera anali ndi njira ina: gudumu loyendetsedwa ndi madzi linkakoka malamba ataliatali oyenda kudenga, lamba mmodzi n'kumazunguza mafani angapo. Lamba akaduka, sitolo yonse inkapsa ndi kutentha.

Pa 4 Sepitembala 1882, Thomas Edison anayatsa malo ake opangira magetsi a pa Pearl Street ku New York. Pakati pa chaka chimenecho ndi 1886, mnyamata wina amene anagwirapo ntchito ndi gulu la Edison, Schuyler Skaats Wheeler, analumikiza mapiko awiri ku mota yaing'ono n'kuiika patebulo. Inalibe khola n'komwe, ndipo inkalira kwambiri. Komabe inkagwira ntchito popanda munthu wokoka chingwe, ndipo mu 1904 bungwe la Franklin Institute linamupatsa mendulo ya John Scott chifukwa cha fani imeneyi.

Fani ya kudenga inachokera kwina kumene simungaganizire: ku makina osokera. Philip Diehl, Mjeremani amene anasamukira ku America n'kumagwira ntchito ku kampani ya Singer, anali atapanga mota yoyendetsa makina a atelala. Anatenga mota yomweyo, n'kuikako mapiko, n'kuipachika kudenga. Chachilendo chinali chakuti fani iliyonse inali ndi mota yakeyake, zamalamba zija n'kutha. Umwini wa luso limeneli anaulembetsa mu 1889, ndipo pambuyo pake anawonjezerapo nyale pansi pa mapiko, kapangidwe kamene tikuonabe m'mahotela mpaka lero.

Nyumba zoyamba kukhala ndi magetsi zinalibe masoketi a pakhoma. Magetsi anali a nyale basi. Wofuna mphepo ankachotsa babu n'kulumikiza waya wa fani pamalo pakepo. Nanga amene analibiretu magetsi, omwe anali ambiri? Iwo anawapangira fani yoyendera moto. Pansi pake pankayaka kanyale ka palafini kapena sipiliti, kutenthako n'kumakankha kainjini ka mpweya wotentha kamene kankazunguza mapiko pang'onopang'ono. Kampani ya Lake Breeze ya ku Chicago inkapanga zoterezi, ndipo ku India kunatchuka za Jost. Kuyatsa moto m'chipinda pofuna kuzizidwa kukumveka ngati nthabwala, koma anthu ankagula, chifukwa kamphepo kofunda kamaposa mpweya wongoima.

Mutu wotembenuka

Mamota oyambirira ankayendera magetsi a DC ndipo anali ndi timabulashi ta kaboni tokhuza pa chitsulo chozungulira. Timabulashito tinkathetheka, tinkatha, tinkafuna kusinthidwa. Zinthu zinasintha Nikola Tesla atalembetsa mota yake ya magetsi a AC mu 1888, imene imazungulira popanda chokhuzana chilichonse kupatula pamene pagona mtanda wake. Kampani ya Emerson Electric, imene inakhazikitsidwa ku St. Louis mu 1890, inayamba kugulitsa mafani a AC mu 1892. Westinghouse ndi General Electric nawonso analowa msikawo. Mamota a nthawi imeneyo anali a chitsulo cholemera, okhala ndi kachikho ka oyilo pansi pa mtanda, ndipo alipo ambiri amene akuzungulirabe lero m'nyumba za anthu osunga zinthu zakale, atadutsa zaka 100.

Vuto lotsatira linali loti fani inkapepesa munthu mmodzi yekha, ena onse m'chipindamo n'kumangomva phokoso. Amisiri anayesa njira zosiyanasiyana kuti mutu uzitembenuka. Ena anaika kachitsulo kaphanthiphanthi kutsogolo kwa khola kuti mphepo ya fani yomweyo izikakankha, mutu n'kumapita uku, kachitsuloko kakagunda pa malire n'kutembenuzika, mutu n'kubwerera. Zinali zosangalatsa kuonerera koma zosadalirika. Imene inapambana, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi njira ya magiya, ndipo ndi yomweyo ili m'fani yanu.

Tsiku lina mudzatsegule chivundikiro cha kumbuyo kwa mota, fani itazulidwa ku magetsi. Mudzaona kuti mtanda umene wanyamula mapiko kutsogolo, kumbuyo kwake uli ndi mizere yonga ya bawuti. Mizereyo imakankha kagiya kakang'ono kamene kali m'kabokosi kodzaza girisi, kagiyako n'kupatsira kanzake, liwiro n'kumatsika mpaka kuzungulira maulendo ochepa okha pa mphindi. Pansi pa kabokosiko pali kagudumu kolumikizidwa ndi kamkono kachitsulo, ndipo mbali ina ya kamkonoko yagwira pakhosi la fani pamene sipasuntha. Kagudumu kakamazungulira, kamkono kamakoka ndi kukankha, ndiye poti khosi silisuntha, umasuntha ndi mutu. Kabatani kaja mumadina pamwamba kamangolumikiza kapena kulekanitsa magiyawo. Mukamva fani ikulira kuti kha kha kha ikafika kumapeto, nthawi zambiri ndiye kuti wina anaupotoza mutu mokakamiza magiya ali olumikizana, mano a pulasitiki n'kuperepeseka.

Za maonekedwe, mafani oyamba ankawakongoletsa ngati mipando ya m'nyumba za olemera: mapazi a mizeremizere, timaluwa tosema, utoto wagolide. Amene anaswa mwambo umenewu ndi Peter Behrens, katswiri wojambula nyumba amene kampani ya AEG ya ku Berlin inamulemba mu 1907 kuti aziyang'anira maonekedwe a chilichonse chotuluka m'kampaniyo, kuyambira zilembo za pa zikalata mpaka maketulo ndi nyumba za fakitale. Fani yake ya 1908 ilibe duwa ndi limodzi lomwe. Thupi lakuda losalala, mapiko a bulasi, khola lozungulira, basi. Iye ankaona kuti makina asamachite manyazi kuoneka ngati makina. Mu ofesi yake munadutsa anyamata atatu amene anadzasintha kamangidwe ka nyumba padziko lonse, Walter Gropius, Ludwig Mies van der Rohe ndi Le Corbusier, ndipo kafani kameneka kamasungidwa m'nyumba zoonetsera zaluso mpaka pano.

Fani ilowa kuchipinda

Nkhondo yoyamba ya padziko lonse inameza bulasi yense kukapangira zipolopolo, opanga mafani n'kutembenukira ku chitsulo wamba, kenako aluminiyamu. Zimenezi zinatsitsa mtengo. Pofika cha mu 1925, pafupifupi theka la nyumba za ku America zinali ndi magetsi, ndipo fani inachoka mu ofesi kulowa pabalaza ndi kuchipinda. Kumeneko inakumana ndi zinthu ziwiri zimene mu ofesi munalibe: ana okwawa ndi anthu ofuna kugona.

Phokoso analithetsa posintha mapiko. M'malo mwa timapiko topapatiza tothamanga kwambiri, anayamba kupanga otambalala, opiringizika, osanjikizana, amene amakankha mpweya wambiri akuzungulira modekha. Yotchuka kwambiri ndi Silver Swan ya Emerson ya 1932, imene maonekedwe ake anakonza ndi mayi wina, Jane Evans, potengera pulopela ya boti. Inatuluka chuma cha America chitagwa, anthu alibe ndalama, komabe inagulidwa kwambiri.

Nkhani ya zala ndiyo inabala nzeru zodabwitsa. Kampani ya Singer inkagulitsa fani yotchedwa Ribbonaire imene mapiko ake anali timalamba tansalu. Ikaima, timalambato tinkangolendewera. Ikayamba kuzungulira, tinkatambasuka n'kumakankha mpweya, ndipo mwana akapisa chala ankangomva kukwapulidwa pang'ono. Kampani ya Samson inapanga ya mapiko a labala. Zonsezi zinalibe khola chifukwa panalibe choopsa choti n'kutsekera. Mwa maganizo anga imeneyi inali njira yanzeru kuposa imene inapambana, koma nsalu inkatha ndipo labala ankauma n'kusweka. Mapeto ake dziko linasankha khola lothithikana, ndipo malamulo a chitetezo a masiku ano amafuna kuti fani iyesedwe ndi chala chopanga cha muyeso wodziwika, kuona ngati chingafike pa mapiko. Khola lothithikana lili ndi mtengo wake: limatchinga mphepo, limawonjezera phokoso, ndipo limasunga fumbi loti kulichotsa mpaka Loweruka lonse kutha.

Pali chinthu chimodzi chimene otsatsa malonda sakonda kunena. Fani siziziritsa chipinda. Ikasiyidwa ikuzungulira m'chipinda chotseka mopanda munthu, chipindacho chimatenthera pang'ono, chifukwa magetsi onse amene mota yadya amasanduka kutentha. Chimene imachita n'kuchotsa mpweya wofunda ndi wachinyezi umene wakuta khungu, thukuta n'kuuma msanga, ndipo thukuta likamauma limatenga kutentha kwa thupi. N'chifukwa chake ili ndi malire. Khungu la munthu limakhala pa madigiri pafupifupi 35. Mpweya ukatentha kuposa pamenepo, fani imayamba kuthira kutentha pathupi, ndipo imathandiza pokhapokha thukuta likutuluka lokwanira. Okalamba satuluka thukuta lambiri. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti fani igwiritsidwe ntchito kutentha kusanafike madigiri 40, mulingo umene Ngabu ndi Nsanje amaudutsa mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Masiku oterowo, kunyowetsa khungu kapena malaya ndiko kumaipatsa fani chogwirira ntchito.

Amene anaganiza zoyendetsa mpweya wa chipinda chonse m'malo mongopepesa nkhope anali anthu a zandege. Ku Wichita, m'chigawo cha Kansas, mzinda wodziwika ndi mafakitale a ndege, Ralph Odor ndi O. A. Sutton anatulutsa Vornado mu 1945. Mapiko ake ndi akuya, ali m'kati mwa chimphete chonga cha injini ya ndege, ndipo amaponya mpweya patali ngati mtsinje wopota umene umakagunda khoma n'kubwerera m'mbali. Posakhalitsa makina oziziritsa mpweya anafala m'nyumba za ku America, fani n'kusanduka katundu wa osauka. Inadzakumbukiridwanso mafuta atakwera mtengo mu 1973, pamene mabanja anaona bilu ya magetsi n'kuyambanso kupachika mafani kudenga.

Pamene America inkaiwala fani, Asia inali ikuikonza. Kampani ya Shibaura, imene inadzakhala Toshiba, inapanga fani yoyamba ya ku Japan mu 1894. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 makampani a kumeneko anafalitsa fani imene ambiri a ife tinakula tikuiona: mapiko a pulasitiki yoonekera mkati, kawirikawiri yabuluu, mabatani anayi ondondozana, khosi lotalikitsa, ndi kawotchi kozimitsa yokha. Kawotchiko kanakondedwa kwambiri ku South Korea, kumene kuli chikhulupiriro chakale chakuti kugona ndi fani yoyaka m'chipinda chotseka kumapha, ngakhale sayansi sinapeze umboni wake. Kenako ntchito inasamukira ku China. Kampani ya Midea, imene He Xiangjian anayambitsa ndi anzake a m'mudzi ku Shunde mu 1968 popanga zitsekerero za mabotolo, inalowa m'malonda a zipangizo za m'nyumba mu 1980 kudzera pa fani. Lero ndi imodzi mwa makampani akuluakulu padziko lonse opanga katundu wotere, ndipo mafani ochuluka a m'masitolo athu amachokera ku China komweko.

Zooneka ndi zobisika

Mu 2009 kampani ya Dyson ya ku Britain inatulutsa Air Multiplier, chimphete chopanda kanthu pakati chokhala pa phazi lozungulira, ndipo nyuzipepala zinalemba kuti fani yopanda mapiko yafika. Mapiko alipo. Abisika m'phazi, mmene kapulopela kothamanga kamakoka mpweya n'kuukankhira m'chimphetecho, mpweyawo n'kutulukira pa kampata kopyapyala kozungulira mphete yonse, ukukoka mpweya wina wa m'mbali. Ngakhale nzeruyo sinali yatsopano kwenikweni, popeza Toshiba inali italembetsa yofanana nayo mu 1981. Ndi chinthu chokongola, chosavuta kupukuta, chosaluma zala. Koma pa mtengo wa madola pafupifupi 300 umene inayambira, inayankha funso la anthu amene funso lawo silinali kutentha.

Kusintha kwenikweni kwa zaka zino sikuoneka ndi maso, chifukwa kuli m'kati mwa mota. Mota yakale ya AC imataya magetsi ambiri ngati kutentha. Gwirani kumbuyo kwa fani imene yayenda maola atatu mumve. Mota yatsopano, yotchedwa BLDC, ili ndi maginito okhazikika ndi kabodi ka zamagetsi kamene kamatumiza mphamvu ku makoyilo mosinthanasinthana pa nthawi yoyenera. Ilibe mabulashi, sitentha kwambiri, ndipo imatha kuyenda pang'onopang'ono osanjenjemera. Kakampani ka ku Tokyo ka Balmuda kanatulutsa GreenFan ya mota yotere mu 2010, ndipo chivomerezi cha 2011 chitachititsa kuti Japan iyambe kusunga magetsi, anthu anaithamangira.

Koma kumene nkhaniyi yakula ndi ku India, dziko limene fani ya kudenga ili pafupifupi m'nyumba iliyonse ya magetsi. Fani wamba ya kudenga imadya mawati 70 mpaka 75. Ya BLDC, monga Superfan ya ku Coimbatore imene inatuluka mu 2012 kapena za kampani ya Atomberg, imadya pakati pa 28 ndi 35 ikupereka mphepo yofanana. Tiwerengere limodzi: fani ya mawati 75 yoyenda maola 8 usiku uliwonse imatha mayunitsi 18 pa mwezi, pamene ya mawati 30 imatha 7 ndi pang'ono. M'nyumba imodzi ndi ndalama ya ndiwo. M'dziko la mafani mamiliyoni mazanamazana ndi malo angapo opangira magetsi amene safunika kumangidwa. Kuyambira mu 2023 boma la India linalamula kuti fani ya kudenga iliyonse yogulitsidwa izikhala ndi chizindikiro cha nyenyezi chosonyeza mmene imadyera magetsi.

Kwathu kuno mota imeneyi ili ndi phindu lina loposa kupulumutsa mayunitsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinkaunikira magetsi a pa mawaya. Ngakhale amene ali nawo akukumbukira zimene zinachitika namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mota ya DC imayendera batire kapena sola mwachindunji, osafuna inivheta. N'chifukwa chake fani yotchaja, yokhala ndi nyale ndi potchajira foni, yadzaza m'masitolo, ndipo yafika m'nyumba zimene pholo la magetsi silinafikeko. Ikugwira ntchito ija inkagwiridwa ndi fani ya palafini zaka 100 zapitazo, popanda utsi. Imabalalitsanso udzudzu, umene suuluka bwino pa mphepo, ngakhale siingalowe m'malo mwa neti.

Chodandaulitsa changa chili pa benchi la wokonza. Fani yakale ya AC imadwala matenda odziwika. Ikamangong'ung'udza osazungulira mpaka wina aikankhe mapiko ndi kamtengo, mmisiri aliyense wa pamsika amadziwa kuti kapasita yafa, kabokosi kakuda ka mawaya awiri kamene kamaipatsa mota chikoka choyambira. Amadula, amalumikiza ina, mphindi khumi zokha. Ikamalimba pozungulira, ndi fumbi ndi kuuma kwa mabushi, ndipo madontho angapo a oyilo wa makina osokera amaidzutsa. Ikapsa koyilo, alipo amisiri odziwa kuwayinda, amene amamasula waya wopsayo akuwerenga mapindo ake, n'kukulunga watsopano ndi manja. Fani imodzi imatha kudutsa m'manja oterewa katatu kapena kanayi pa moyo wake.

Fani yatsopano ikafa, kawirikawiri chafa ndi kabodi kapena batire. Kabodi kakapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu pambuyo pa kuzima, palibe chowayinda. Pamafunika kena kofanana ndendende, ndipo wogulitsa fani sasunga. Batire limafooka pakapita chaka kapena ziwiri, msanga kwambiri likamasiyidwa lotheratu kapena padzuwa, ndipo m'mafani ambiri otchipa analitsekera m'kati mwa pulasitiki yomatidwa, moti kulifikira n'kuswa thupi. Mota imene ikanayenda zaka khumi imatayidwa kudzala chifukwa cha chinthu chimene chikanasinthidwa pa mphindi zisanu.

Opanga ena aliganizira vutoli. Pali mafani otchaja amene pansi pake pali kachitseko ka masikuluwu awiri, m'kati muli batire la mavoti 6 kapena 12 la mtundu wopezeka paliponse, kapena mabatire a lifiyamu a saizi ya 18650 amene amisiri a mafoni ndi matochi amawadziwa. Pali ena okhala ndi polowetsera waya wa mavoti 12, oti batire lake likafa mukhoza kuwalumikiza ku batire la sola la m'nyumba n'kumapitiriza. Zimenezi sizilembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa katoni, pamene amalembapo za liwiro, nyale ndi rimoti. Musanalipire, itembenuzeni fani muone pansi pake ngati pali masikuluwu, ndipo mumufunse wogulitsa kuti batire lake likatha mukalipeza kuti.